Msana wa Dona

Apongozi anali ataweta nkhosa zaka makumi anayi, ndipo ankauza aliyense, ngakhale amene sanawafunse, kuti diso lawo ndi sikelo: akangoiponyera diso nkhosa, adziwa kale ngati yanenepa kapena yawonda. M'mawa wa tsikulo anapeza mkamwini wawo, munthu amene anagwirapo ulonda wa pageti zaka khumi n'kuchokako ndi matenda omvera lamulo monga momwe lanenedwera, ataima ndi ndowa pakhomo pa kakhola ka Dona, nkhosa imene mkuluyo ankanyadira kuposa ana ake, yomwe inali ndi bere la ana atatu ndipo inatsala ndi masabata atatu kuti iswe.

"Akamwini, mwamera mizu pamenepo?"

"Ndikudikira lamulo, bambo."

"Lamulo lanjinso? Lamulo ndinapereka kalekale. Dona, udzu wouma, kamtolo kamodzi patsiku. Madeya ayi."

"Pavuta pomwepo. Munati udzu ukatha ndiziika wina. Wa dzulo sunathe."

"Watsala wochuluka bwanji?"

Mkamwini anasuzumira modyeramo mosamala, ngati kuti udzu ungakhale utasintha maganizo.

"Wonse, bambo."

"Eya!" Apongozi anaomba m'manja kamodzi. "Mwaona? Wakhuta. Thupi layamba kudzidyera mafuta ake. Ndi zimene ndinkafuna."

"Ndiye ndiike wina kapena ndisaike?"

"Muike wa chiyani, wina ali pomwepo?"

"Ndi zimene ndimafunsa."

Dona anali ataima pakona, mutu atautsamiritsa kukhoma, mimba ili uku ndi uku ngati wameza mgolo. Ubweya unali utamukuta thupi lonse, wokhuthala bwino, moti munthu wodutsa akanati pakhomo pano nkhosa zimadya ndi supuni.

"Taonani thupi limenelo," anatero apongozi, akuloza ndi ndodo. "Theka la khola lino ndi ana ndi zidzukulu za ameneyu. Ndiye chaka chino atatu! Atatu, akamwini! Aneba onse akudziwa."

"Munawauza, bambo. Ena kawiri."

"Ndipo adzabwera kudzaona."

"Waima pomwepo kuyambira dzulo masana."

"Akupuma."

"Ndinamuitana, sanacheuke."

"Ndi dona. Dona sacheukira aliyense. Inu ndinu ndani?"

"Ndinagogoda ndowa."

"Ndiye?"

"Kale ndikagogoda ndowa ankafuna kulumpha chitseko."

"Ndi mimba imeneyo mukufuna azilumpha zitseko? Kodi chifundo munachisiya pageti paja?"

Mkamwini anaganizira funsolo ndithu, n'kuona kuti silikufuna yankho. Pomwepo kukhoma kuja kunamveka kukutu kukutu.

"Mwamva?" anatero apongozi. "Akubzikula. Nkhosa yodwala sibzikula."

"Ndinasuzumira m'kamwa, bambo. Osagwira, paja munati Dona ndisamugwire. Mulibe kanthu. Akukukuta mano okhaokha."

"Akuwanola."

"Ndiponso mpweya wake ukumveka fungo lachilendo. Ngati mankhwala aja amachotsera penti ya m'zikhadabo."

"Nanga mumafuna dona azinunkha chiyani? Thukuta ngati inu?"

"Ayi, kungoti alangizi ananena kuti..."

"Aaa! Aaa! Imani pomwepo!" Ndodo inamenya pansi. "Ndinati chiyani za mayi ameneyo?"

"Munati ndisatchule zonena zawo pokhapokha mutandifunsa."

"Ndakufunsani?"

"Ayi."

"Ndiye?"

"Ndiye ndakhala chete masabata atatu."

Nkhani yake inali yotere. Masabata atatu m'mbuyomo kunabwera alangizi a ziweto, mayi wachitsikana wa majombo aatali, ndi makina ake ounikira m'mimba. Nkhosa iliyonse anaiunika n'kuidontheza penti pamsana: dontho limodzi mwana mmodzi, awiri mapasa, atatu ana atatu, yopanda bere osaidontheza. Apongozi anamvapo mawu amodzi okha, akuti Dona ali ndi atatu, n'kuthamanga kukauza aneba. Malangizo onse otsala anagwera mkamwini. Galimoto ya alangizi itangokhota, mkuluyo anagawa khola pawiri ndi ndodo yake, osayang'ana ndi dontho limodzi lomwe: za mimba zikuluzikulu anati zanenepa, zizidya udzu wokha, zopyapyala anati zawonda, zizidya madeya. Dona, poti mimba yake inaposa zonse, anapatsidwa kakhola kayekha kuti asabe ngakhale kambewu.

Tsono apongozi anayang'ana Dona, n'kuyang'ana denga, n'kukanda kuseri kwa khutu. Kunyada kumatseka pakamwa, koma makutu amayabwabe.

"Anati chiyani mayi ameneyo?"

"Mukundifunsa, bambo?"

"Ndikungofuna ndisekeko."

"Koma mukufunsa?"

"Ndikufunsa, akamwini, ndikufunsa! Kodi ndilembe kalata?"

Mkamwini anaika ndowa pansi, n'kuimirira njo ngati akupereka lipoti kwa bwana.

"Choyamba. Anati nkhosa ya bere sitiiyeza ndi maso."

"Tiziiyeza ndi mphuno?"

"Ndi dzanja. Anati ubweya umanama, mimbanso imanama."

"Ubweya wa nkhosa zanga sunayambe wanamizapo munthu."

"Anati tizigwira pamsana, pakati pa nthiti yomaliza ndi chiuno, n'kudina."

"Kudina! Zakhala mapeyala a pamsika, zoti aliyense wodutsa azidina? Zaka makumi anayi, akamwini. Mayi ameneyo asanabadwe ine ndinali nditaswetsa kale nkhosa zoposa tsitsi la m'mutu mwake. Galu wamkota sakandira pachabe."

"Galu sanalowe muno, bambo. Ndinatseka."

Apongozi anatsinzina, n'kupuma mpweya wautali wa munthu amene anapereka mwana wake wamkazi asanafufuze bwino.

"Pitirizani."

"Anati tikunge nkhonya, chonchi." Mkamwini anakunga chibakera. "Tiyendetse chala pamfundo izi. Msana wa nkhosa ukamveka choncho, yawonda. Tikatambasula dzanja n'kuyendetsa chala pomwepo, ukamveka choncho, ili bwino. Tikatembenuza n'kudina pachikhatho, ukamveka choncho, yanenepa."

"Ndiye anapita kusukulu zaka zonsezo kukaphunzira kukunga zibakera?"

"Sananene zaka zake."

"Chachiwiri?"

"Chachiwiri. Za madontho awiri ndi atatu zikhale pazokha, zizidya chakudya champhamvu, madeya osakaniza ndi soya, pang'onopang'ono, kawiri patsiku, tizionjezera sabata ndi sabata mpaka ziswe."

"Hahaha! Kuonjezera! Yonenepa kale tiionjezere! Tamverani, akamwini, ndikuphunzitseni zaulere. Chaka chimene ndinamanga khola lino ndinali ndi nkhosa ina, yokongola, ndinkaidyetsa ngati mlendo. Tsiku loswa, mwana anakakamira panjira, mutu ngati dzungu. Ndinakoka mpaka manja kuchita dzanzi. Inafa ndikuona, mwana yemwe. Kuyambira pamenepo ndinalumbira: nkhosa ya mimba yaikulu pakhomo pano sidzaona madeya."

"Pepani, bambo. Anali ana angati?"

"Mmodzi. Ndati mutu ngati dzungu, mungakhale awiri mmenemo?"

"Alangizi ananenanso zomwezo. Anati ya mwana mmodzi tikaidyetsa kwambiri, mwana amakula n'kukakamira."

"Mwaona! Mwaona! Ndiye akugwirizana nane! Kani mayi uja ali ndi kamutu ndithu."

"Pa za mwana mmodzi, bambo."

"Eya, zomwezo."

"Zimenezo ndi zimene tikuzipatsa madeya."

Apongozi analoza khola linalo ndi ndodo.

"Tikupatsa madeya zowonda."

"Ndi zomwezo, bambo. Zili m'khola la zowonda zonse ndi za dontho limodzi. Kupatula zinayi zopanda dontho."

"Zopanda dontho ndiye kuti chiyani?"

"Zilibe bere. Ndiponso muli yothena ija."

"Yothena? Yamphongo? Ikutani m'khola la zazikazi?"

"Munailoza ndi ndodo. Munati iyo yawonda, ilowe uko."

"Inu osandiuza kuti ndi yamphongo?"

"Ndinayamba kunena. Munati diso lanu silifuna kapitawo."

"Ndiye masabata atatu yakhala ikudya madeya anga?"

"Imadya bwino, bambo. Imathamangitsa zinzake."

Kuseri kwa mpanda yothena ija inalira mokhuta, khosi lili phwii, ngati ikuvomereza. Apongozi anaiyang'ana ndi diso lawo lija la sikelo, koma ulendo uno diso silinanene kanthu.

"Zimenezo ndi zina," anatero potsiriza. "Tikunena za Dona. Udzu uli pamphuno pake. Akanakhala ndi njala akanadya."

"Anati pafupi ndi kuswa, ya ana atatu malo amachepa m'mimba."

"Malo achepe? M'mimba iyi? Inu mukhoza kulowamo ndi mpando wanu."

"Anandionetsa ndi ndowa. Dikirani."

Mkamwini anapita pamulu wa njerwa umene unali pafupi ndi chitseko, n'kutenga zitatu. Anaziika m'ndowa imodziimodzi, n'kutenga udzu wodzaza manja awiri, n'kuyesa kuukanikizamo. Udzu unangotumphukira pamwamba.

"Mwaona, bambo? Sukulowa."

"Nanga ungalowe bwanji mwaikamo njerwa?"

"Njerwazo ndi ana."

"Ana a ndani?"

"A Dona."

"Dona wanga abereke njerwa?"

"Ayi, ndowayi ndi Dona."

"Ndowa ndi Dona. Njerwa ndi ana. Nanga inu ndinu ndani, mbuzi?"

"Ine ndine ndemwe, bambo. Tsono onani." Anatapa madeya odzaza chikhatho m'thumba n'kuwathira m'ndowa. Madeya anayenderera m'mipata ya njerwa mpaka pansi. "Awa alowa. Anati udzu ndi wambiri koma mphamvu yake ndi yochepa, madeya ndi ochepa koma mphamvu yambiri. Ana atatu akamakula amayamwa mayi. Akapanda kupeza chakudya, amadya thupi la mayiyo. Likatha thupi, magazi amaipa, nkhosa imasiya kudya, imasiya kuona, kenako imagona."

"Kugona ndi mlandu?"

"Anati ikagona kawirikawiri sidzukanso. Imapita ndi ana omwe."

"Chotsani madeya anga m'njerwamo! Mukuononga chakudya pochita zisudzo. Vuto la Dona ndi ulesi. Wakhala malo amodzi, njala ichokera kuti? Muthamangitseni azungulire kakholaka katatu."

"Munati ndisamugwire."

"Ndati mumunyamule? Muombereni m'manja!"

Mkamwini analowa, n'kuima kumbuyo kwa Dona, n'kuomba m'manja katatu, poti anauzidwa katatu. Dona anachotsa mutu kukhoma. Anaponda kamodzi, kawiri, n'kukagunda modyeramo ngati sakumuona. Miyendo yakutsogolo inanjenjemera n'kupinda, yakumbuyo inatsatira, ndipo nkhosa yonseyo inakhala pansi khu, mutu utapendekera kumbali.

Mkamwini anayang'ana Dona, n'kuyang'ana apongozi.

"Kumeneku ndiwerenge ngati kamodzi?"

"Wagona," anatero apongozi, koma mawu anatuluka opyapyala. "Nkhosa yanzeru. Ikusunga mphamvu."

"Ndiomberenso?"

"Musiyeni!"

Mkuluyo anali atayamba kuopa, chifukwa nkhosa yogunda modyeramo usana dzuwa likuwala anali asanaionepo. Koma kuvomera pamaso pa mkamwini, munthu amene anabwera pakhomopo ndi chikwama chimodzi, kunali kowawa kuposa mantha. Ndiye anachita zimene amachita anthu otere: anakweza mawu.

"Ndikubwerezanso, ndipo mumve. Cha mimba yaikulu chichepetse kudya. Chikadya kwambiri, chovuta ndi tsiku lobereka. Lamulo limeneli silisintha, kaya abwere ndi makina khumi."

"Chilichonse cha mimba yaikulu?"

"Chilichonse!"

"Ngakhale cha mapasa?"

"Makamaka cha mapasa!"

Mkamwini anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene walandira ntchito yolemera koma aigwira. Anavula chipewa.

"Chabwino, bambo. Ndikayamba lero lomwe. Kungoti mukandithandize kuwauza, ine ndekha sangandimvere."

"Kuwauza ndani?"

"Mayi a kunyumba. Mwana wanu."

"Kuwauza chiyani?"

"Za kuchepetsa. Paja kuchipatala anati ndi awiri. Ndiye mkaka uja mumatumiza m'mawa uliwonse, ndi nkhuku ija ya Lamlungu, ndiziwabwezera kuno kapena ndizidya ine?"

Chimene chinachitika pankhope ya apongozi n'chovuta kuchifotokoza. Ulemu wonse wa chipongozi, umene anausunga zaka zisanu ngati mbale ya alendo, unagwa pansi n'kusweka.

"Iwe! Iwe! Ukufuna kundiphera mwana? Uyerekeze! Ungokhudza kapu ya mkaka imeneyo uone! Munthu ali ndi awiri m'mimba, akudyera anthu atatu, iwe n'kumati achepetse? Sukuona mmene manja amuwondera? Mimba yokhayo ndi imene ikukupusitsa? Mimba si thupi, chitsiru iwe! Mimba ndi ana!"

"Ndi zimene ndimaganiza, bambo. Koma mwati chilichonse."

"Mwana wanga si nkhosa!"

"Ayi ndithu. Iye ali ndi awiri okha."

Yothena ija inaliranso kuseri kwa mpanda, pa nthawi yolakwika.

"Dona ndi nkhani ina," anatero apongozi, akubweza ulemu pang'ono ndi pang'ono ngati munthu wotola ndalama zomwazika. "Dona wanenepa. Ndipo ndikuonetsani, akamwini, kuti nkhaniyi ithe lero. Mukufuna dzanja? Nali dzanja. Ndidina kamodzi, inu mukauze mayi wanu wa majomboyo kuti munaona ndi maso anu zala zanga zikumira m'mafuta."

Anaponya ndodo, n'kulowa, n'kugwada pambali pa Dona mawondo akulira. Anapinda mkono wa malaya mwamatama, n'kuika dzanja pamsana.

Zala zinamiradi. Zinamira mu ubweya, n'kumirabe, n'kumirabe, mpaka zinakafika pa chinthu cholimba. Anaziyendetsa cha kutsogolo. Anazibweza cha kumbuyo. Pansi pa ubweya wokongolawo panali mzere wa mafupa osongoka ngati mano a sowo, ndipo m'mbali mwake, mmene munayenera kukhala mnofu, zala zinkangolowa pansi pa fupa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

"Zamira, bambo?"

Apongozi anayendetsanso zala pamsana paja.

"Zikumveka ngati chibakera, ngati kuseri kwa dzanja, kapena ngati chikhatho?"

"Ndi dzanja langali," anatero mkuluyo motsitsa. "Ndakalamba, manja anga ndi mafupa okhaokha. Mafupa ndikumvawa ndi a zala zanga."

"Zikhoza kutheka."

"Zikhoza kutheka, eti?"

"Ine manja anga ndi onenepa. Koma munati ndisamugwire."

"Gwirani."

"Lamulo lija mwalichotsa kapena ndi la lero lokha?"

"Gwirani, akamwini!"

Mkamwini anagwada mbali inayo. Anaika dzanja lake lofutukuka pamsana pa Dona, n'kudina, n'kukunga chibakera ndi dzanja linalo, n'kuyerekeza. Anabwerezanso kuti asanamizire nkhosa.

"Si zala zanu, bambo."

"Chibakera?"

"Chibakera changa chili ndi mnofu kuposa pamenepa."

Apongozi anakhala pansi, pa ndowe pomwepo, osasamala buluku. Anagwira mutu wa Dona n'kuuika pamwendo pawo. Nkhosa ija, imene anaiyamwitsa ndi botolo mayi wake atafa, inkawayang'ana ndi maso osaona. Mkuluyo anachita mantha enieni, ndipo chisoni chinamugwira, chifukwa anadziwa kuti kakhola kameneka anamanga ndi manja ake, kamtolo ka udzu anayeza yekha, ndipo panalibe wakuba, galu kapena matenda oti awaloze chala.

Koma munthu wouma mutu akagwa, amagwera mbali ina n'kuumanso komweko.

"Thumba! Bweretsani thumba lonse la madeya! Khuthulani apa!"

"Lonse ayi, bambo."

"Mwati chiyani?"

"Anati yosazolowera madeya ukaipatsa ambiri nthawi imodzi, mimba imasasa, imafa msanga kuposa ndi njala."

"Ndiye theka!"

"Anati zikhatho ziwiri zitatu zokha poyamba. Komanso ikafika posiya kudya, madeya sakwanira. Pamafunika mankhwala akumwetsa, a shuga, ndi jakisoni."

"Ali kuti mankhwalawo?"

"Kwa alangizi."

"Nanga manyuchi a nzimbe aja ali m'chigubu?"

"Anati tikhoza kusungunula m'madzi ofunda n'kuimwetsa podikira, ngati ikutha kumeza."

"Ndiye mwaimiranji?"

"Munati manyuchi ndi a zowonda."

"Uyu ndi wonenepa?"

"Mpaka posachedwapa anali wonenepa, bambo. Sindinamve mukusintha."

"Ndasintha! Wawonda! Dona wawonda! Mwamva? Kapena ndikwere padenga?"

Mkamwini anathamanga, ndipo kunena chilungamo, akapatsidwa lamulo lomveka ankathamanga ngati mnyamata. Anabwera ndi botolo la madzi a manyuchi. Apongozi analilanda, n'kulowetsa kukamwa kwa botolo m'mbali mwa mlomo wa Dona, akumunyengerera ndi mawu amene mwana wawo weniweni sanawamvepo. Dona anameza kamodzi. Anamezanso.

"Akumeza! Akamwini, akumeza!"

"Anati ikamameza mwayi ulipo, bola afike lero."

"Nanga zinzake za madontho awiri zija? Nazonso zili chonchi?"

"Zisanu ndi chibakera. Zitatu zatsala pang'ono."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndinazigwira. Munati ndisagwire Dona. Zinazo simunanene."

"Munazigwira liti?"

"Lolemba lililonse."

"N'kupeza kuti zikuwonda?"

"Sabata ndi sabata, bambo."

"N'kumazipatsabe udzu wokha?"

"Kamtolo kamodzi patsiku. Sindinaphonye."

Ananena zimenezi monyadira ndithu, ngati munthu woyembekezera kukwezedwa pantchito. Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali, botolo lili m'manja.

"Foni muli nayo?"

"Ndili nayo."

"Imbirani mayi uja."

"Munati nambala yawo ndiifufute."

"Mayo ine! Ndiye munafufuta?"

"Ndinafufuta, bambo. Koma simunati ndiiiwale."

"Imbani! Koma tamverani." Mkuluyo anatsitsa mawu, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati aneba abisala m'udzu. "Mayi ameneyo amayenda m'makola onse. Pakamwa pake sindipadziwa. Akafunsa kuti zatheka bwanji, munene kuti ndi inu. Munene kuti munasokoneza makola. Inu ndinu wachilendo pa ziweto, palibe angakusekeni. Ine ndili ndi dzina."

"Ndinene kuti ndi ine?"

"Eya. Mwamva bwino?"

"Ndamva, bambo."

Mkamwini anadina manambala ndi chala chimodzi, n'kuika foni pa sipika kuti apongozi amve kuti lamulo latsatidwa. Inaitana kawiri. Mawu a mayi anayankha, kumbuyo kukumveka injini ya galimoto.

"Muli bwanji, alangizi? Ndi kuno kwa nkhosa ya madontho atatu ija. Yagona, sikudya, pamsana ndi chibakera. Apongozi anga ali pompano, akuti mukafunsa kuti zatheka bwanji, ndinene kuti ndi ine, chifukwa iwo ali ndi dzina."

Apongozi anadzuka pa ndowe paja mofulumira kuposa mmene anadzukirapo zaka khumi zapitazo, n'kutsomphola foni.

"Mayi! Mayi, musamumvere uyu. Ndi ine. Ndamumana chakudya ndi ine, makola ndinagawa ndi ine, ndi diso langali. Kandisekeni kulikonse kumene mukufuna, koma bwerani ndi mankhwalawo. Akumeza. Inde, manyuchi. Inde. Ayi, sindimuthamangitsanso. Chonde, mayi, fulumirani."

Anabweza foni, n'kugwadanso pambali pa Dona. Mkamwini anatola ndowa, n'kuchotsamo njerwa zija imodziimodzi, n'kuimanso njo pakhomo pa kakhola.

"Ndikudikira lamulo, bambo."

Apongozi anatukula mutu, maso ali psuu, n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kuchipewa.

"Masabata atatu athunthu, munthu wamkulu, wa ndevu, nkhosa zikukuferani m'manja, inu n'kumangochita zimene ndakuuzani ine? Akamwini, mulibe mutu?"